Mphindi za a Dokotala Chilambe

Loweruka lapitali tinali kumanda kukaika chiliza cha a Dokotala Chilambe, patatha chaka chimwalirireni. Anthu anabwera ambiri kuposa pa maliro penipeni, chifukwa nthawi ya maliro kunagwa mvula ya masiku atatu ndipo a kuphiri analephera kutsika. Oyankhula analipo asanu. Womaliza anali Dokotala Fatsani, amene akuyendetsa chipatala chimene malemuwo anayambitsa kufupi ndi Songani. Anayankhula bwino, ndisaname. Anati a Chilambe anali bambo wake, ndipo ndi amene anamuphunzitsa kuti dokotala sayang'ana wotchi akakhala ndi wodwala. Amayi ena mpaka anagwetsa misozi. Ine ndinangoti maso pa nsapato zanga, chifukwa ndikanadzutsa mutu ndikanatulutsa mawu osayenera pamanda. Ndinagwira ntchito ya unamwino ndi a Chilambe zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo nkhani ya wotchi ndikuidziwa kuposa aliyense amene anali pamenepo. Wotchi yake inali pamkono panga.

A Chilambe anapuma ntchito ya boma patangopita zaka zochepa chiyambireni zipani zambiri, nthawi imene aliyense ankatsegula kenakake, wina golosale, wina tchalitchi, wina chipani. Iwo anapeza nyumba yakale imene inali sitolo, anaipaka laimu, n'kuika mabenchi atatu pakhonde. Anali munthu wamtali, wowerama pang'ono, wa mawu okhuthala. M'thumba la khoti lawo loyera munkakhala mtedza wokazinga ndi zolembera zitatu zosalemba, choncho tsiku lonse ankabwereka changa osabweza. Galimoto yawo inali yakale, yobiriwira, ndipo inkalira pokhapokha ikaimikidwa pamtsetse. Anthu a pa Songani ankaidziwa kulira kwake isanaoneke.

Chipatala tinkatsegula hafu pasiti seveni, koma iwo ankafika hafu pasiti sikisi ndipo sankalowa mkati. Ankayamba kumapeto kwa benchi yoyamba, kupereka moni kwa munthu aliyense payekha. Myao ankamufunsa kuti, "Ajimwiche uli?" Mlomwe ankamulonjera m'Chilomwe chawo chothyokathyoka chimene chinkaseketsa agogo. Kenako ankagwira manja a munthuyo, kuwatembenuza, kuyang'ana zikhatho, kukoka chikope cham'munsi, n'kumukhudza pakhosi ndi kuseri kwa dzanja. Akafika kumapeto kwa benchi yachitatu ankatembenuka n'kuloza: "Inu, inu, ndi mwana uyo, lowani kaye." Ife tinkati ndi perete wa a Chilambe. Odwala anazolowera, moti akangomva galimoto ija ikutsokomola pamsewu, onse ankaika manja pamaondo, zikhatho zikuyang'ana kumwamba.

Ankakonda kunena kuti wofika koyambirira nthawi zambiri ndi amene ali ndi mphamvu zoyendera. Wodwalitsitsa amafika mochedwa, amakhala kumapeto, ndipo sadandaula chifukwa alibe mphamvu zolimbirana malo. Ankatinso munthu amatha kubisa matenda chifukwa cha manyazi, koma chikhatho sichinaphunzitsidwe manyazi.

Tsiku lina kunabwera mphunzitsi wa ku yunivesite ku Chirunga, atavala taye, ndipo anali woyamba pabenchi. Kumapeto kwenikweni kunakhala mayi wina wogulitsa zipatso pa msewu wokwera kuphiri, Abiti Juma, atatsamira chipilala. A Chilambe atagwira manja ake anangoti, "Anachisale, machira." Anachisale ndine. Zikhatho za mayiyo zinali zoyera ngati ufa, pakuti anali atataya magazi masiku anayi osauza munthu. Mphunzitsi uja anaimirira.

"Adokotala, ndabwera kuno kusanache. Ndili ndi kalasi nayini koloko. Kodi pano palibe dongosolo?"

"Liripo, aphunzitsi. Dongosolo lake ndi lomweli mukulionali."

"Ndiye ine ndidikire mpaka liti?"

"Mpaka mayiwa asiye kufa. Chimfine chanu n'chaulemu, chidikira."

Mphunzitsiyo anakwera galimoto yake ndipo sitinamuonenso. Abiti Juma anachira, ndipo chaka chilichonse nyengo ya mapichesi ankatsika ndi dengu.

Musaganize kuti ndikukamba za mngelo. A Chilambe anali munthu wovuta kugwira naye ntchito, ndipo ine ndinakangana nawo kuposa mmene ndinakanganirapo ndi mwamuna wanga. Mankhwala ankawaitanitsa chitini chikatheratu, osati chikamatha. Makadi a odwala ankasungidwa m'makatoni a sopo, ndipo iwo okha ndi amene ankadziwa katoni yake, akakumbukira. Choposa zonse chinali kucheza. Munthu wobwera ndi chilonda cha pamwendo ankafunsidwa za mbuzi zake, za mpongozi wake, za denga lodontha. Ndinkagogoda pachitseko.

"Anachisale, simukuona kuti ndili ndi munthu?"

"Ndikuona, adokotala. Komanso panjapa pali anthu makumi atatu, nawonso si mbuzi."

Kawiri konse ndinavula chisoti n'kunena kuti ndasiya ntchito. Mawu akuti pepani sankatuluka pakamwa pawo. Mmawa mwake ndinkangopeza mtedza wodzaza mbale patebulo panga ndi zolembera zanga zonse zimene anasowetsa, zitamangidwa ndi mphira.

Kufooka kwawoko ankakudziwa. Ankavomera okha kuti kusukulu anawaphunzitsa kung'amba mimba ndi kusoka, koma palibe anawaphunzitsa kuyendetsa nyumba ya anthu khumi. N'chifukwa chake anasangalala kwambiri Fatsani atabwera kudzagwira nafe ntchito. Anamuphunzitsa udokotala ali m'boma, ndipo pa ukwati wake anakhala pampando wa bambo, chifukwa omubereka anali atamwalira. Fatsani ankawaitana kuti bambo, iwo ankamuti mwana wanga. Anali dokotala wabwino, wachangu, waudongo, wosaiwala kanthu. Nanenso ndinkamukonda, makamaka chifukwa ankandivomereza ndikamadandaula za makatoni a sopo.

Ndi a Chilambe eni ake amene anapeza chilengezo m'nyuzipepala. Kunali maphunziro a miyezi ingapo ophunzitsa madokotala za bizinesi ndi kayendetsedwe ka chipatala. Anachidula ndi sizasi yodulira mabandeji n'kukachiika patebulo la Fatsani. "Pita ukatitengere nzeru zimene ine ndilibe," anatero. Koma panali vuto limodzi: maphunzirowo ankalandira madokotala okhawo amene anali akuluakulu a zipatala. A Chilambe sanaganize kawiri. Anaitanitsa komiti ya chipatala, anthu anayi amene ankakumana kamodzi pachaka kudzamwa tiyi, n'kusaina pepala loti kuyambira tsiku limenelo mkulu woyendetsa chipatala ndi Dokotala Fatsani. Ndinawafunsa ngati anali atawerenga bwino chimene anasainacho.

"Ndi pepala la sukulu ili, Anachisale. Mukufuna mwana akakhale pakati pa anzake ngati mlendo?"

Miyezi yonseyo, Fatsani akapita kokaphunzira, a Chilambe ankaona odwala a zipinda ziwiri okha, pa msinkhu umene anzawo anali atakhala pansi kudyetsa nkhunda.

Tsiku lina Fatsani anandiitanira pambali. Anandipatsa wotchi yatsopano ndi kope lachikuto chofiira. Anati ndizilemba nthawi imene wodwala aliyense walowa m'chipinda cha a Chilambe ndi nthawi imene watuluka, kwa masabata asanu ndi limodzi.

"Ndi homuweki chabe, a nesi. Koma bambo musawauze, angasinthe kachitidwe, ndiye manambala anama."

Apa ndiyenera kunena zoona, ngakhale zikundiwawa. Ndinasangalala. Zaka zonsezi ndinkakangana nawo ndi pakamwa pokha, tsopano ndinali ndi umboni. Ndinkaima pakhomo ndi kope m'thumba, kulemba mwachangu ngati mwana wopatsidwa udindo wolemba olongolola m'kalasi. Tsiku limene munthu wina anakhalamo mphindi makumi anayi ndi zitatu, ndinadula mzere kunsi kwake kawiri, n'kuseka ndekha.

Mwambo wotsekera maphunzirowo unachitikira ku hotela ina pamwamba pa phiri, m'nyengo yozizira. Wophunzira aliyense ankaloledwa kuitana alendo awiri, ndipo Fatsani anaitana a Chilambe ndi ine. Nkhalambayo inavala suti yake ya pa ukwati wa Fatsani, imene inkanunkha mankhwala a njenjete. Inatsukitsanso galimoto. Tikukwera, ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anaizindikira galimotoyo n'kuyamba kuthamangira, ndipo Abiti Juma analowetsa kapepala ka zipatso pawindo tili mkati moyenda. A Chilambe ankaimba nyimbo ya kutchalitchi pansipansi. Tikudutsa m'nkhalango ya paini, anandiuza kuti m'thumba anali ndi mawu ochepa amene analemba, mwina angapemphedwe kuyankhula.

M'holo munali madokotala oposa makumi awiri ndi alendo awo. Wophunzira aliyense ankaimirira kufotokoza za chipatala chimene anafufuza, zithunzi zikuonetsedwa pakhoma. Fatsani anali wachisanu. Sanatchule dzina la chipatala. Sanatchule dzina la munthu. Anangoti pali chipatala china, ndipo pachipatalapo pali dokotala amene anachiyambitsa.

Kenako pakhoma panaoneka tsamba la kope lofiira lija, lokula ngati chitseko, lolembedwa ndi dzanja langa.

Anawerenga manambala mmodzimmodzi. Atafika pa makumi anayi ndi zitatu zodulidwa mzere kawiri, holo yonse inaseka. Anafotokoza za mbuzi ndi mpongozi, anasekanso. Anafotokoza za perete wa mmawa, akuyenda mowerama pang'ono kutsogolo kwa anzake, akutembenuza manja a anthu osaoneka. Anati pachipatala chimenechi wofika koyamba sadziwa nthawi imene adzaonedwe, ndipo kasitomala wina wolemekezeka wa ku yunivesite anachoka osabweranso. Za mayi amene anali kumapeto kwa benchi tsiku limenelo sananene, chonsecho zipatso zake zinali pamiyendo panga.

Mphunzitsi wawo, bambo wa magalasi wochokera ku Blantyre, anaimirira mokondwa. Anati imeneyi ndi nthenda yodziwika, nthenda ya woyambitsa, ndipo inapha mabizinesi ambiri. Anafunsa kuti mankhwala ake n'chiyani. Fatsani anayankha osaphethira kuti woyambitsayo apatsidwe ulemu wonse ndi udindo wa dzina lalikulu, koma achotsedwe pamene pamadutsa ntchito. Anthu anaomba m'manja. Ndinacheuka pang'ono. A Chilambe nawonso ankaomba, pang'onopang'ono, nkhope ili gwa, kapepala ka mawu awo kakuonekera m'thumba la jekete. Palibe anawapempha kuyankhula. Pa nthawi ya chakudya anthu awiri kapena atatu anawayang'ana kawiri, poona msana wowerama uja, n'kuthawitsa maso.

Potsika tinali awiri, Fatsani anatsala kujambulitsa ndi anzake. Chifunga chinali chitatseka msewu ndipo tinkayenda ngati tikuperekeza maliro. Titadutsa damu, a Chilambe anayankhula osandiyang'ana.

"Anachisale, seveni wanu uja wodula pakati ndimamudziwa ngakhale pakhoma."

Ndinkafuna kutsegula chitseko ndi kugudubuzika m'phompho.

"Mphindi makumi anayi ndi zitatu zija, linali Lachiwiri?"

"Eya, adokotala."

"Bambo uja wocheka matabwa kuphiri kuno."

"Eya."

"Anabwera ndi mutu. Za mankhwala a makoswe amene anali m'thumba mwake, oti akamwe, anandiuza ataimirira kale kuti azipita." Anasintha giya. "Ali moyo. Ndinamuona dzana atasenza thabwa."



Zotsatira zake zinayenda mwaudongo, monga zonse za Fatsani. Pasanathe mwezi, mlonda anayamba kugawa makadi a manambala pageti. Wodwala aliyense anapatsidwa mphindi khumi. A Chilambe anakhala mlangizi wamkulu, n'kupatsidwa ofesi kuseri, ya kapeti ndi mpando wozungulira, koma yopanda bedi loyezerapo odwala. Mmawa woyamba anafika nthawi yawo, n'kuyamba perete monga mwa masiku onse. Ali pabenchi yachiwiri, Fatsani anatuluka.

"Bambo, mukusokoneza dongosolo. Anthuwa ali ndi manambala."

"Iwe Fatsani, ndikungoona manja."

"Mukaona manja mudzasankha, ndiye manambala akhala opanda ntchito. Tiyeni mkati, bambo, kukuzizira."

"Pepala lija linali la sukulu, mwana wanga."

"Pepala ndi pepala, bambo. Komiti yavomereza kale."

Anayankhula mwaulemu, manja ali kumbuyo, ndipo anawagwira pachigongono powalowetsa, ngati mmene timachitira ndi odwala okalamba. Anthu pabenchi yachitatu anatsala zikhatho zili chitambasukire.

Tsiku lomwelo ndinakamupeza Fatsani mu ofesi mwake. Ndinamuponyera wotchi ija patebulo.

"Munati ndi homuweki."

"Inalidi homuweki, a nesi. Ndipo ndinakhoza." Anaikankhira wotchiyo kwa ine. "Tengani, muzigwiritsa ntchito. Si inu munkadandaula tsiku lililonse?"

Ndinaitenga. Ndinaperekedwa ngati chitsiru, ndipo nanenso ndinapereka munthu amene sanandilakwire kanthu kupatula kundisowetsera zolembera. Mkwiyo wanga pa Fatsani sunathe mpaka lero, koma nthawi zonse ukafika pachimake umakumana ndi seveni wanga pakhoma paja.

Chowawa china n'chakuti zambiri zimene Fatsani anabweretsa zinali zabwino. Mankhwala sathanso. Khadi la wodwala limapezeka m'kanthawi kochepa. Tinamanga zipinda zina zinayi, ndipo aphunzitsi a ku Chirunga amabwera ndi mabanja awo. Zonsezi a Chilambe ankazifuna, ndi zimene anamutumira mwana wawo kukatenga. Akanatha kukhala pansi awiriwo, wina n'kusunga makadi ndi mankhwala, wina n'kusunga khonde lake ola limodzi lammawa. Fatsani sanapemphe zimenezo. Anasankha kukanena kuphiri, pamaso pa alendo, zimene sanayerekeze kunena patebulo la bambo wake, kumene ankadya Lamlungu lililonse.

A Chilambe anakhala mu ofesi ya kapeti miyezi inayi. Ankawerenga nyuzipepala kuyambira tsamba loyamba mpaka la mpira, ngakhale mpira sankaukonda. Palibe anabwera kudzapempha malangizo. Lolemba lina galimoto yobiriwira ija sinamveke, ndipo sinamvekenso. Sanatsanzike, sanakalipe, sanapite kwa loya ngakhale ana awo anawakakamiza. Ankati munthu sasumira mwana wake chifukwa chophunzira bwino zimene anamutuma kukaphunzira.

Anakhala zaka zisanu ndi chimodzi kunyumba kwawo, akulima tomato amene sankabereka. Anthu akale ankawatsatira komweko. Mankhwala analibe, choncho ankangogwira manja, kukoka chikope, ndipo akaona zoopsa ankang'amba pepala la kalendala n'kulemba kuti, "Anachisale, uyu msanga." Munthuyo ankabwera nako kapepalako kwa ine, ndipo ndinkamulowetsera khomo lakuseri, nambala kapena popanda nambala. Fatsani ankadziwa, koma sananenepo kanthu. Timapepala timeneto ndinatisunga tonse m'kope lofiira lija, limene anandibwezera atamaliza nalo ntchito.

Ndinapita kukawaona komaliza atatsala milungu itatu kuti amwalire. Anali ataonda, atakhala pampando wa nsungwi padzuwa. Ndisanakhale pansi anagwira manja anga, kuwatembenuza, n'kunena kuti magazi ndili nawo okwanira koma ndichepetse mchere. Apo ndi pamene ndinanena mawu amene ndinawasunga zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinati pepani, adokotala, za kope lija.

"Munalemba zoona, Anachisale. Palibe mphindi imene munawonjezera."

Ndikanakonda akanandikalipira. Ndinawafunsa ngati Fatsani amabwera. Anati amatumiza dalaivala ndi shuga ndi sopo mwezi uliwonse, ndi mwana wosaiwala. Kenako anafunsa ngati denga la pakhonde analikonza podontha paja, pamwamba pa benchi yachitatu.

Sindinawauze kuti mabenchi anachotsedwa kalekale. Odwala tsopano amadikirira mkati, pa mipando yapulasitiki, kutsogolo kwa wailesi yakanema, ndipo nambala ikakwana amaitanidwa. Khonde linangotsala lopanda kanthu. Pasimenti pakuonekabe mabowo a miyendo ya mabenchi, ndipo kutsogolo kwa mabowowo kuli kanjira kosalala, konyezimira kuposa simenti ina yonse, kuyambira kuchitseko mpaka kuchipilala chomaliza. Woyeretsa amati wayesa sopo wamtundu uliwonse koma sikachoka.

Dzulo, Lolemba, ndinafika molawirira. Chitseko chinali chisanatsegulidwe ndipo anthu ambiri anali ataunjikana pageti. Pakhonde panali munthu mmodzi yekha, Abiti Juma, amene tsopano ndi agogo a imvi, atakhala pansi n'kutsamira chipilala chomaliza chija. Khadi lake la nambala makumi atatu ndi imodzi analisomeka pa mfundo ya chitenje. Pamsewu panadutsa lole yakale ikutsokomola, ndipo ndinaona manja ake akunyamuka okha, n'kukhala pamaondo, zikhatho zikuyang'ana kumwamba. Lole inapitirira kulowera ku Songani. Iye anakhalabe choncho, akudikira, kanjira konyezimira kaja kali patsogolo pake popanda woyendapo. Wotchi ya pamkono panga inkati hafu pasiti sikisi.